Kuseri kwa Katani ya Doña Nélida

Taganizirani m'mawa wa tsiku wamba ku Gamarra, mumzinda wa Lima, m'nyengo ija dzuwa limatha milungu osaonekera. Kamvula kamawawa kanyowetsa kale msewu. Onyamula katundu akukankha ngolo za mipukutu ya nsalu uku akukalipira aliyense wowatsekera njira, ndipo zitseko zachitsulo za masitolo zikukwera ndi phokoso. Pakona pali mayi wamfupi wovala juzi yobiriwira, akumwa emoliente, chakumwa chotentha cha zitsamba, chiimirire, maso ali pa masitepe amene akuwadikira. Amenewo ndi doña Nélida Chumpitaz. Amagulitsa madiresi a paphwando pa nsanjika yachitatu ya nyumba ina ya masitolo, ndipo bondo lawo lakumanzere silinagwirizanepo ndi nsanjika imeneyo.

Anachokera ku Cañete ali mtsikana, kudzasokerera mabatani kwa azakhali awo. Anaphunzira makina, kenako kudula nsalu, kenako luso lovuta kuposa onsewo, louza mkazi kuti diresi lamuthina iye osakwiya. Amuna awo atamwalira anachita lendi kasitolo kameneka, nalereramo ana awiri amene ankalemba ntchito ya kusukulu atakhalira makatoni.

M'masitolo oyandikana nawo mkazi ankayesa chovala pakona, wogulitsa atamutchingira chinsalu ndi manja. Doña Nélida anali ndi chipinda chenicheni kumbuyo, chokhala ndi benchi, galasi lalikulu ndi katani yofiirira pakhomo. Akazi ankalowamo anayi kapena asanu nthawi imodzi, odziwana ndi osadziwana omwe, n'kumakokerana mazipi, kumanenana ziuno, kumaseka. Madiresi ambiri ankagulidwira m'menemo, pakuti mkazi wokayika akamva mlendo akumuuza kuti watchena, dzanja limapita lokha kuchikwama. Mwamuna aliyense, kaya mkwati kaya bambo wa mwana, ankatsala pampando wa pakhomo la sitolo. Lamulo limenelo silinalembedwe paliponse, ndipo panalibe amene analifunsapo.

Ku Gamarra wogula wozolowereka amatchedwa casera, nayenso amamutcha wogulitsa casera. Liwulo ndi limodzi mbali zonse ziwiri, ndipo limamanga ngati chibale: casera wako sagula kwa mnzako iwe ukuona, nawe sumubweza pakhomo. Doña Nélida anali nawo ambiri, koma awiri ndi amene anawazunguza mutu chaka chimenecho.

Woyamba anali mayi Eduviges Paucar, ogulitsa nkhuku mumsika wa ku El Agustino, a mawu omveka kutsidya kwa msewu. Ana awo aakazi awiri anavala madiresi a m'sitolomo pa phwando lokwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo tsopano inali nthawi ya chitsirizira, Maricielo, kamtsikana kofatsa kokonda kuyang'ana nsapato zake. Mayi Eduviges sankapita kwina chifukwa cha chipinda chija. Mwana wawo wamkulu anasuzumiridwapo ndi mwamuna m'sitolo ina, chinsalu chitapendekeka, ndipo nkhani imeneyo sanaiiwale.

Wachiwiri anali Dayanara Tello, wokonza tsitsi. Anabadwa mwana wamwamuna wa telala wina wa pa nsanjika yachiwiri, ndipo doña Nélida anamuona akukula. Atayamba kukhala monga mkazi, kuvala monga mkazi ndi kudzitcha Dayanara, bambo ake anamupitikitsa pakhomo. Doña Nélida sanamvetse zambiri, ndipo sananamizire kuti akumvetsa. Chimene ankadziwa n'chakuti mwanayo anabwera tsiku lina nafunsa monong'ona ngati angayese diresi labuluu, iwo n'kumukokera katani. Kuyambira pamenepo ankabwera Lachiwiri masana, ogula atachepa, ndipo m'chipindamo ankakhalamo yekha. Panalibe amene anapangana zimenezo. Zinangokhala choncho kwa zaka.

Koma mng'ono wake wa Dayanara anali kukwatiwa, ndipo anamuitana ku ukwatiwo ngakhale bambo awo anang'ung'udza. Diresi linkafunika kubweza m'chiuno, nthawi inali itachepa, choncho Dayanara anafika Loweruka m'mawa. Anapereka moni, natenga diresi lake pa hang'ala, nalunjika kukatani monga mwa masiku onse. M'katimo munali Maricielo, atavala diresi lapinki lodzaza mapini. Doña Nélida anali chogwada, mapini ena ali kukamwa, ndipo asanalavule mapiniwo, mayi Eduviges anali ataima kale pakhomo, manja m'chiuno.

"Mpando wa abambo uli uko."

"Akakhalepo amuna anu, mayi. Ine ndabwera kudzayesa diresi."

Zimene zinatsatira zinamveka mpaka pa nsanjika yachinayi. Mayi Eduviges ananena kuti iwo alibe naye mlandu munthuyo, avale chimene akufuna, koma mwana wawo sangavule pamene pali thupi lachimuna. Dayanara anayankha kuti iye alibe nthawi yoyang'ana ana a eni, kuti m'chipinda chimenecho walowamo kuyambira Maricielo asanamere mano, ndipo kuti ulendo womaliza umene anayesa chovala kumbali ya amuna anatulukako mlomo ukuchucha magazi. Mayi Eduviges anati akauza amayi onse a kutchalitchi kwawo kuti kwa Chumpitaz kulibenso ulemu. Dayanara anati iye akadandaula ku khonsolo. Kenako onse awiri anatembenukira kwa mwini sitolo ndi liwu limodzimodzi lija: casera, nenani.

Doña Nélida analavulira mapini m'manja, napuma mpweya wautali. Akanena mbali iyi, ataya amayi a ku El Agustino, amene amabwera chaka ndi chaka ndi ana awo. Akanena mbali iyo, abweza pakhomo mwana amene anamukokera katani iwo eni. Anangoti bondo likuwawawa, napempha Dayanara kuti akamwe kaye khofi, adzabwere pakatha ola. Dayanara anapita, koma sanawayang'ane.

Masana amenewo aliyense pa nsanjikapo anasanduka loya. Mtsikana wogulitsa masokosi anati zimenezi n'zachikale, munthu ndi chimene wanena kuti ali. Mayi wa makatani anati iye akanaitana mlonda. Don Casimiro, wogulitsa masuti, amene sanalowemo n'kamodzi komwe m'chipinda cha akazi koma amadziwa zonse, anati vuto ndi limodzi basi, palibe chikwangwani. Chinthu chikalembedwa, anatero, mkangano umatha. Doña Nélida anali atatopa moti anamumvera. Lolemba anagula kachikwangwani ka zilembo zagolide, DAMAS, kutanthauza akazi, nakakhomera pamwamba pa katani.

Ndipo zinaoneka ngati zatheka. Lachiwiri Dayanara anadzera kudzasiya diresi lija kuti alibweze m'chiuno, anaona chikwangwanicho, misozi inalengeza. Anawagwira doña Nélida dzanja nati ankadziwa kuti sangamutaye. Lachinayi mayi Eduviges anadzera kudzasankha nsapato, anachionanso, nawapsompsona pa tsaya nati ankadziwa kuti ndi mayi wa ulemu. Anawasiyira ngakhale theka la nkhuku. Doña Nélida anathokoza onse awiri, ndipo ngakhale kamtima kena kankawauza kuti anthu okangana sangakondwere ndi chigamulo chimodzi, anakaletsa.

Loweruka lotsatira anakumananso, wina kudzatenga diresi la ukwati, wina kudzayesa komaliza la phwando. Mayi Eduviges analoza m'mwamba.

"Simunapite kusukulu? Werengani apo."

"Ndawerenga, mayi. N'chifukwa chake ndikulowa."

"Casera, muuzeni chimene mwalemba."

"Eya, casera, auzeni."

Doña Nélida anayang'ana zilembo zagolidezo ngati aziona koyamba. Anayang'ananso kutsidya kwa khonde kumene don Casimiro anali atayamba mwadzidzidzi kupukuta mabatani a jekete. Phokoso linakwera kuposa la mlungu wapitawo, ogula ena anabweza madiresi pa hang'ala n'kutuluka mwakachetechete, ndipo m'kati mwa zonsezo Maricielo anaika diresi lake pa benchi nanena kuti phwandolo alisiye, iye sakulifuna. Anatuluka n'kukakhala pa masitepe.

Mayi ake anafuna kumutsatira, koma doña Nélida anawagwira mkono napita okha. Kukhala pa sitepe kunawatengera nthawi chifukwa cha bondo. Anamuuza mtsikanayo kuti asaope, Dayanara sadzalowa iye ali m'katimo, alonjeza. Maricielo anapukusa mutu.

"Si iyeyo ayi, doña. Ine sindifuna kuvula pamaso pa munthu aliyense. Ngakhale amayi." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Ulendo uja mayi wina wosamudziwa anandigwira pamimba n'kunena kuti ndichepetse buledi. Onse anaseka."

Ana a msinkhu umenewo salankhula kawiri, ndipo wamkulu wanzeru safunsa zambiri. Doña Nélida anangokhala naye pamenepo, mtima ukuwira. Mlungu wathunthu wa kukuwa, chikwangwani, maloya a pa khonde, theka la nkhuku, ndipo mwini diresi panalibe amene anamufunsa.

Atabwerera m'sitolo anatulutsa aliyense m'chipindamo. Analengeza kuti kuyambira pamenepo azilowa mmodzimmodzi, ndipo wosafuna apite kwa oyandikana nawo akayesere pakona. Anaima okha pa katani, msana kuchipinda, dzanja lililonse litagwira mphepete mwa nsalu. Analowa Maricielo, yekha, mayi ake akulangizira zipi ali panja. Analowa Dayanara. Analowa ena onse, mmodzi akatuluka wina. Mzere unafika pa khonde, anthu anang'ung'udza, angapo anachoka, ndipo pofika madzulo mapewa a doña Nélida anali ngati asenza matumba a simenti. Anaona kuti Loweruka lina lotere lidzawagoneka m'chipatala.

Ndiye anaitana kalipentala wa ku San Cosme, mlamu wa mayi wa makatani uja. Munthuyo anayeza chipindacho nati mutuluka tizipinda titatu, koma benchi ichoke, ndipo mzere umodzi wa madiresi uchokenso kuti zitseko zizitseguka. Doña Nélida anakangana naye pa chilichonse. Iye ankafuna zitseko zolekeza m'mawondo, zotchipa, monga za m'masitolo aakulu; iwo anati zifike pansi penipeni, zisasiye mpata ngakhale wa foni. Iye anati ayamba Lolemba, anabwera Lachinayi. Utuchi unalowa m'madiresi oyera, ndipo doña Nélida anawakutumula masiku atatu akutukwana chamumtima don Casimiro, kalipentala, ma casera onse awiri ndi tsiku limene anachoka ku Cañete. Galasi lalikulu analitulutsa n'kuliika m'sitolo momwe, kuti wofuna kuyamikiridwa azitulukira kumeneko atavala kale. Chikwangwani chija anakachisiya pa tebulo la don Casimiro.

Dayanara atadzaona, anatsegula ndi kutseka kaloko ka chitseko kangapo. Anati nayenso m'chipinda chakale chija ankavula atayang'ana kukhoma, khutu lili ku katani, ngakhale ali yekha. Kenako anafunsa ngati tsopano angamabwere Loweruka.

"Bwera tsiku lililonse, koma usandibweretsere nkhondo. Ndakalamba."

Mayi Eduviges sanakondwe. Anayendera tizipindato ngati ogula nyumba, nagogoda matabwa, navomera kuti mwana sangasuzumiridwe. Koma anati chipinda chija chinali cha akazi, malo amodzi okha mu Gamarra yonse pamene ankatha kumasula lamba n'kuseka ndi anzawo, ndipo doña Nélida achiphwanya pothawa kuyankha funso limene anafunsidwa.

"Mwina n'zoona, casera," anatero doña Nélida. "Nanga diresi la mwanayu mulitenga kapena ndilibweze pa hang'ala?"

Analitenga. Phwando linachitika, ndipo Maricielo anatumiza chithunzi atavala lapinki lija, akuseka. Koma mayi Eduviges sanabwerenso chaka chimenecho, ndipo amayi ena awiri a kutchalitchi kwawo anasamukira ku nyumba ina ya masitolo. Nawo doña Nélida amachisowa chipinda chakale. Phokoso la m'menemo linkawagulitsira madiresi iwo atakhala pansi, pamene tsopano ayenera kuyamikira okha wogula aliyense, ndipo pali akazi ena amene amayesa, kuvula, n'kuchoka osatulukira pagalasi. Akafunsidwa maganizo awo pa nkhani yonseyi amangoti iwo ndi wogulitsa madiresi, za kuti mkazi ndani akafunse kwa don Casimiro.

Miyezi itapita anayamba kuona ogula amene kale sankawaona: atsikana obwera okha ataweruka kusukulu, ndi mayi wina amene anachitidwa opaleshoni ya bere, amene ananena kuti anali asanayese diresi m'sitolo chichokereni kuchipatala. Pofika Khirisimasi sitolo ya doña Nélida Chumpitaz inali yokhayo pa nsanjika yachitatu yokhala ndi tizipinda toyesera ta zitseko zofika pansi, chilichonse chotsekera m'kati.