Penti Woyera pa Khoma la Mayi Wamasiye

Atanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina kuseri kwa Kamwendo, njira yanga ya tsiku ndi tsiku inkadutsa pakhomo pa mayi ena amasiye amene ankajambula pakhoma la nyumba yawo. Azimayi ambiri kumeneko akatha kukolola amazira nyumba, mzere wakuda pansi, wofiira pamwamba, basi. Awa ankapitirira. Ndi katondo, dothi loyera la kudambo ndi makala osinja, ankajambula zimene maso awo aona: wakabaza atakweza munthu ndi mbuzi yomwe, lole ya fodya itatitimira m'matope, azimayi atawerama m'munda wa mtedza. Ankagwiritsa zala ndi kasanza. Khoma loyang'ana kumsewu linawatengera miyezi itatu, ndipo anandiuza kuti mwina ndi lomaliza, chifukwa maso anali atayamba kuchita nkhungu.

Chaka chimenecho kunabwera bungwe lina lochokera ku Lilongwe, lothandiza aluso osowa poonekera, monga akumudzi, olumala ndi amasiye. Poti ndimathyolako Chingerezi, anandiika m'komiti. Ndine ndinawalondolera kwa mayiwo, ndikuyenda monyang'wa ngati zithunzizo ndajambula ndine. Mkulu wa pulojekitiyo anali bambo wonunkhira perefyumu, amene ankapukuta nsapato ndi kansalu akangoponda fumbi lathu. Zithunzizo anangoziponyera diso kamodzi. Chimene anachiyang'anitsitsa ndi msewu, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo kuti aone ngati khomalo likuoneka bwino munthu ali m'galimoto.

Kutatsala sabata kuti azungu opereka thandizo adzayendere ntchitoyo, mkuluyo anati alendo ayenera kuona dzina la bungwe akadali patali, ndipo khoma loyenera ndi lomwelo. Anatuma ine kuti ndikapemphe. Ndinkadziwa kuti dzina lalitali choncho silingakwane pakona, koma ndinapita. Mpaka lero ndimakumbukira mmene lilime langa linatereramo tsiku limenelo.

“Amayi, akuti alembeko timawu pang'ono pakhomapa, pakona chabe.”

“Pakona pake pati, aphunzitsi? Paliponse pali munthu.”

“Musade nkhawa, ntchito yawo amaidziwa. Mukakana adzati ndinu ovuta, mwayi upita kwina.”

Anayang'ana khomalo, kenaka anati, “Poti mwanena ndinu.”

Lachisanu pochokera kusukulu ndinapeza bambo wina wolemba zikwangwani za mashopu ku Kamwendo ataima pabenchi, akumaliza kupaka penti woyera wa oyilo khoma lonse. Kunangotsala tayala limodzi la lole m'munsi, nalonso analifufuta ine ndikuona. Mayi aja anali pakhonde akuswa mtedza, atafulatira khomalo. Sindinawapatse moni. Ndinadutsa mofulumira ngati mbuzi yadya chimanga cha eni.

Tsiku la alendo linali la matenti, mipando ya pulasitiki ndi zolankhula zosatha. Aliyense woimirira ankanena za ulemu wa munthu wosauka, uku mayiwo atawaveka tisheti ya bungwe yofika m'mawondo, atawaimika padzuwa pansi pa zilembo zabuluu. Anawagwiritsa burashi ya m'sitolo, chinthu chimene anali asanachigwirepo, kuti aoneke bwino pachithunzi. Wojambulayo ankangoti, “Agogo, tasekererani.”

Mzungu mmodzi wamkazi, amene ankaoneka kuti wafunsa ndi mtima wabwino, anafuna kudziwa kumene kuli zojambula za mayiwo. Womasulira ndinali ine. Mayiwo anayankha osakweza mawu, “Auzeni kuti zili pansi pa dzina lawoli. Akafuna akande.”

Mkulu uja anandiponyera diso. Ine, munthu wamkulu wophunzitsa ana kuti bodza ndi loipa, ndinanena m'Chingerezi kuti amayi akuthokoza kwambiri, ndipo zojambula zawo akuzisamalira kuofesi. Anthu anaomba m'manja. Ndinadya nawo mpunga wa nkhuku tsiku limenelo, ndipo unatsika.

Bungwelo silinabwerenso. Chilimwe chotsatira mayiwo anakatapa dothi kudambo n'kuyesa kujambula pamwamba pa pentiyo, koma dothi siligwira pa penti wa oyilo. Likauma linkangoyoyoka. Anayesa kawiri n'kusiya, ndipo pofika mvula maso anali ataipiratu. Ine ndinayamba kuzungulira kudzera njira ya kudimba, yaitali ndi yamatope, kuti ndisamadutse pamenepo.

Tsiku lina la mvula mtsinje utadzaza n'kutseka njira ya kudimba ndinalibe kuchitira mwina. Ndinawapeza atakhala tsonga pakhonde, ndipo ndinawapatsa moni chapansipansi. Mawu anga anawazindikira.

“Aphunzitsi, mwasowatu. Ine sukulu sindinapiteko, ndipo pano ndi maso omwe andithawa. Tandiwerengerani, kodi analemba chiyani pakhoma langapa?”

Ndinaima pamvulapo n'kuwawerengera mawu a pansi pa dzina la bungwe, liwu ndi liwu: pano tikukweza luso la anthu oiwalika.