Mpando Wakumbuyo wa a Makwinja

Ntchito yosoka mipando ya galimoto ndinaipeza chifukwa cha diresi. Amuna anga atachotsedwa ntchito kufakitale, chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndinayamba kusoka pakhonde kwathu ku Ndirande. Mayi wina anavala diresi yosoka ine ku ukwati, amuna awo, Che Jafali, n'kuona kuwongoka kwa msoko wake. Iwo anali ndi shedi yokonzera mipando pafupi ndi msika. Ananditumizira uthenga kuti ndikayesedwe mwezi umodzi. Ndinali ndi ana atatu, ndipo ndinali ndisanalembedwepo ntchito chibadwire.

Masiku amenewo magalimoto akale ochokera kunja anali atachuluka, ambiri mipando itatheratu. Che Jafali anandiphunzitsa kumasula mpando ndi sipanala, kuzula tiwaya togwira nsalu, ndi kuphwasula msoko wakale mosamala, chifukwa zidutswa zakalezo ndiye patani. Umaziyala pansalu yatsopano, kulemba ndi choko, kudula, kenako kumata siponji ndi guluu. Chikopa sankandilola kuchikhudza. "Nsalu ukalakwitsa umaphwasula," ankatero. "Chikopa singano ikaboola, yaboola basi."

Ndinkamvetseranso akamalangiza makasitomala. Chikopa n'chokongola ndipo chimapukutika, koma padzuwa chimaotcha, ndiponso chimang'ambika ukapanda kuchipaka mafuta. Nsalu siitentha, njotsika mtengo, koma imamwa fumbi, thukuta ndi fungo. Zonsezi ndinaloweza ngati katekisimu.

Lachisanu la sabata yachitatu, mu Okutobala, Che Jafali anapita kumzikiti n'kundisiya ndekha. Panafika bambo wina wachikulire wa ku Chilomoni, a Makwinja, mphunzitsi wopuma ntchito, pa galimoto yothaitha.

"Ndikufuna chikopa kumpando wakumbuyo," anatero.

Ndinaona mwayi woonetsa nzeru. "Bambo, kutentha kuno chikopa chikuotchani. Ndiponso wakumbuyo wokha? Sizigwirizana ndi yakutsogolo. Galimoto ngati iyi ikungofunika nsalu."

"Mayi, ndati chikopa."

Ine osamva. Ndinatulutsa masampulo, n'kuonjeza kuti ena amafuna chikopa pongofuna kuoneka mabwana. Nkhope yawo inasintha. Anatsegula chitseko cha galimoto kuti azipita, n'kunena kuti sanabwere kudzanyozedwa. Ndinadziwa kuti kasitomala ndamuthamangitsa, ndipo mwina ntchito nayo yapita.

Nthawi yomweyo Che Jafali anatulukira. Anawapatsa moni modekha, n'kupempha kuti angouona mpandowo. Anasuzumira, n'kugwira siponji. Nanenso ndinasuzumira. Pampando panali pulasitiki yoyalidwa, pansi pake nsalu yothimbirira ndi zizindikiro zakuti yachapidwa kambirimbiri. Pambali panali pilo ndi beseni laling'ono.

"Odwala ndani, aphunzitsi?" anafunsa Che Jafali chapansipansi.

A Makwinja anayang'ana kumbali. "Akazi anga. Sitiroko. Kupita nawo kuchipatala amagona pamenepo, ndipo sathanso kudzigwira. Akamva fungolo amalira ndi manyazi. Pulasitikiyi imawaterera."

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ndinagwada pomwepo, pafumbi, n'kupepesa. Iwo anangogwedeza mutu.

Che Jafali sanandikalipire. Anati, "Aphunzitsi akunena zoona, pakufunika chikopa kuti pazipukutika. Koma mayiwa sananame, chikopa chingaotche wodwala. Ndiye mayi, titani?"

Ankafunsa ine! Ndinaganiza zomwe ndinkachita ndi timatiresi ta ana anga. Ndinati tiike chikopa chofewa, misoko ikhale m'mphepete kuti madzi asalowe m'siponji, ndipo pamwamba ndisoke chophimba cha nsalu yathonje chomangira zingwe, choti azichotsa n'kuchapa. Zikhale ziwiri, china chikamauma china chili pampando.

Tinachitadi zimenezo. Chikopa anadula okha Che Jafali, koma msoko womaliza anandikhazika pamashini. "Pang'onopang'ono," anatero, ataima kumbuyo kwanga. Thukuta linali kamukamu, koma msoko unawongoka.

Patapita masabata awiri a Makwinja anadutsa pashedipo akuchokera kuchipatala, n'kundiitana kuwindo. Akazi awo aja anali atagona pachophimba chija. Kulankhula kunkawavuta, koma anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo, osafuna kulisiya.

Kwa Che Jafali ndinagwirako zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ana anga anaphunzira ndi ntchito imeneyo. Che Jafali anamwalira kalekale, koma ndimawathokozabe chifukwa tsiku lija anandikonza popanda kundichititsa manyazi. Lero munthu akandifunsa kuti chabwino n'chiti, chikopa kapena nsalu, sindifulumira kuyankha. Ndimapempha makiyi, ndimatsegula chitseko, n'kuyamba ndaona kaye kuti pampandopo pamakhala ndani.