Kiyi wachiwiri wa nyumba ya ku Malomo

Nyumba yoyamba imene ndinakhalamo ndekha inali ku Malomo, kuseri kwa msika, panjira yotsikira kudambo. Chinali chaka chimene sukulu inakhala yaulere, titangovota kumene pa chisankho cha zipani zambiri, ndipo ana anakhamukira m'makalasi mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Ife amene tinali titangomaliza Fomu 4 anatitola, kutiphunzitsa masabata owerengeka, n'kutipatsa choko. Nyumba za aphunzitsi zinali zitadzaza kale, choncho ahedi ananditengera kwa mayi wina wamasiye amene anali ndi kanyumba ka lendi pabwalo pake.

Kanali ka njerwa zootcha, denga la malata, zipinda ziwiri ndi kakhitchini kumbuyo. Malemu amuna awo anakamanga kuti azisankhiramo fodya, moti kukatentha fungo lake linkatulukabe m'makoma. Koma chimene chinandikopa ine chinali chitseko. Chinali cha matabwa enieni, chokhala ndi loko. Atandipatsa kiyi ndinakhoma n'kutsegula katatu konse, amayiwo akundiyang'ana ngati mtsikanayu wazungulira mutu. Zoti ndifunse ngati panali kiyi wina sizinandifikire m'maganizo.

Anali mayi wamfupi, wa mawu okwera, wosatha kukhala pansi manja ali chabe. Pagulu ankanditchula kuti aphunzitsi, koma tikakhala awiri ndinali mwanawe. Ndinawakonda sabata yoyamba yomweyo. Anandionetsa mjigo wa madzi okoma, anandiuza wogulitsa nyemba amene mbale yake yoyezera inali yosapindika pansi, n'kundichenjezanso za mnyamata wina wokonza njinga amene moni wake unkatalika. Anandipempha chinthu chimodzi chokha: kuti chimanga chawo cha mbewu, chamakolo, chikhalebe chopachika pamtanda wa kukhitchini kwanga. Khitchini yawo inkadontha, makoswe anali mbwee, ndipo utsi wa moto wanga ukanathamangitsa anankafumbwe. Ndinavomera mosavuta.

Pasanapite nthawi ndinayamba kudzikayikira. Ndinkasiya mbale zakuda m'mawa, masana n'kuzipeza zotsuka. Tsiku lina ndinapeza nkhwani wosadzula kale patebulo. Ndinazindikira kuti amayi ali ndi kiyi wawo, amalowa kudzaona mbewu yawo, ndipo akalowa manja aja sapuma. Zinkandiwawa mumtima, koma nkhwaniwo ndinadya.

Lachitatu lina ndinabwerako kusukulu n'kupeza bulangete langa lili padzuwa. Nditalowa kuchipinda ndinaona mphasa yanga yakulungidwa n'kuimikidwa pakona, sutikesi yasunthidwa, pansi pasesedwa bwinobwino. Ndinaima pakhomo pa chipindacho. Munthu wina akanangoseka, koma ine mphasa yokulungidwa ndi manja a wina inandibweza kumene ndinachokera.

Ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Dowa, chakufupi ndi Nachisaka. Bambo anachokera kummwera ndili wakhanda kudzakhala tenanti, ndipo nyumba imene tinkagonamo inali ya bwana, monganso munda ndi fodya amene tinkalima. Nyengo yothyola ikafika, kapitawo ankayenda nyumba ndi nyumba kufufuza ngati wina wabisa masamba oti akagulitse mozemba. Sankati odi. Ankangokankha kachitseko kathu ka bango, kutembenuza mphasa, kupisa dzanja m'thumba la ufa, ngakhale m'dengu la zovala za mayi. Bambo ankatuluka, kuvula chipewa, n'kuima pambali pa khomo akuyang'ana pansi mpaka munthuyo atamaliza. Sanabisepo ngakhale tsamba limodzi. Ine ndinkawayang'ana ndili kuseri kwa chigafa choumitsiramo fodya, ndipo ndinalumbira kuti ndikadzakula ndidzakhala ndi chitseko chimene munthu sadzatsegula ine ndisanalole.

Mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa nawo. Ndinatuluka, n'kutola bulangete lija, n'kuwapeza amayi akupeta mphale pakhonde pawo. Moni sindinapereke. Ndinawafunsa amene anawapatsa chilolezo cholowa m'nyumba mwanga.

"Komatu ndimati odi, mwanawe," anatero. "Tsiku lililonse ndisanatsegule ndimati odi."

"Nanga amakuyankhani ndani, ine ndili kusukulu?"

"Nyumba ikakhala chete ndiye kuti yavomera."

Lero ndimaseka ndikakumbukira yankho limeneli, chifukwa ankanena zoona zawo. Woyandikana nafe anandiuza pambuyo pake kuti ankawamvadi akuodira nyumba yopanda munthu, kudikira pang'ono, n'kulowa atawerama mwaulemu. Koma tsiku limenelo sindinaseke. Masiku amenewo mawu akuti ufulu anali pakamwa pa aliyense, pawailesi, m'minibasi, ngakhale ana a Sitandade 2 akakana kusesa. Nanenso ndinawatola. Ndinawauza kuti ndili ndi ufulu, kuti nyumba ya lendi ndi ya wokhalamo, ndipo nthawi yomangolowerana m'nyumba inapita ndi chipani chimodzi. Mawu omalizawa ndiwo anawalasa. Anaika lichero pansi, n'kunena motsitsa kuti iwo ankadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ngati zinthu zasintha, amva. Analowa m'nyumba mwawo mphale ili pabwalo, nkhuku n'kuyamba phwando.

M'mawa mwake ndinafotokozera ahedi. Anandiuza kuti sindinalakwe: mwini nyumba akapereka kiyi kwa wa lendi, ayenera kupempha asanalowe, pokhapokha ngati nyumbayo ikupsa. Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kundifunsa ngati ndinayenera kuwafanizira ndi chipani mayi amene amanditsukira mbale. 

Panapita masabata awiri tikupatsana moni wa anthu okumana kuchigayo. M'nyumba mwanga simunalowenso munthu. Mbale ndinkazipeza mmene ndazisiyira, ntchentche zili ng'waa, ndipo ndinkadziuza kuti ndi zimene ndinkafuna. Zinalidi zimene ndinkafuna, koma ndinawasowa amayi aja koopsa.

Loweruka lina ndinawaona akuswa mtedza pamkeka. Ndinapita, kugwada, n'kuyamba kuswa nawo. Titafika pakati pa dengu ndinapepesa chifukwa cha pakamwa panga. Pa nkhani ya chitseko sindinapepese. M'malo mwake ndinawafotokozera za kapitawo, za mphasa, za bambo ndi chipewa chawo. Amayi anasiya kuswa. Kenaka anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, pamene amayi amamangapo ndalama za ndiwo, n'kutulutsa kiyi. Anandiikira m'dzanja n'kupinda zala zanga ndi zawo.

"Bwenzi utanena zimenezi poyamba, osati za pawailesi zija," anatero. Anawonjezera kuti mbale zanga zizinunkha mwaufulu tsopano, iwo alibe nazo kanthu.

Kuyambira pamenepo ankabwera ine ndilipo. Ankaodira, ine n'kuyankha, iwo n'kulowa kukaona mbewu yawo ndi kundinyoza kasesedwe.

Mwezi wa Novembala bambo anabwera kudzandiona. Anali asanaonepo kumene mwana wawo mphunzitsi ankakhala, ndipo anapalasa njinga yobwereka kuchokera kuesiteti, kukwera ndi kutsika mapiri onse aja, atanyamula nkhuku pakaliyala. Anayendera nyumba yonse akugwira makoma. Mpando ndinali nawo umodzi, koma anaukana, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo ngati munthu woti achoka posachedwa.

Tsiku lachiwiri mvula yoyamba inagwa m'bandakucha, yamphamvu, yonyowetsa nthaka mpaka pansi. Ndinawasiya bambo m'nyumba n'kupita kusukulu. Aliyense m'mudzimo anali kumunda ndi khasu, koma mbewu ya amayi inali pamtanda wa kukhitchini kwanga, ndipo m'mawa umenewo tonse awiri tinaiwala. Ndinakumbukira ndili pakati pophunzitsa masamu. Nthawi yopuma itakwana ndinathamangira kunyumba.

Ndili panjira ndinawaona. Amayi anali ataima pabwalo, dengu lopanda kanthu m'manja. Chitseko chinali chotsegula. Bambo anali panja, pambali pa khomo, chipewa chili m'manja, maso pansi. Anali atamva odi wa eni nyumba, ndipo anachita zimene thupi lawo linazolowera zaka zonse zija: kutuluka n'kupatuka kuti mwini wake alowe. Ndinaima pamtengo wa mango, mtima ukundipweteka ngati ndabwerera kuseri kwa chigafa.

Koma amayi sanasunthe. Ndinawamva akuwauza bambo kuti iwo salowa m'nyumba imene mwini wake waima panja ngati mlonda. Bambo anayankha kuti nyumbayo ndi ya amayiwo, alowe basi. Amayi anati nyumba anaimanga ndi amuna awo, inde, koma panopa ndi ya aphunzitsi, ndipo aphunzitsi kulibe, ndiye kuti wamkulu wa pakhomopo ndi bambo awo. Anawapempha kuti abwerere m'nyumba, akakhale pampando, iwo aodirenso. Dzuwa linali likukwera, anzawo akubzala, koma anaima pomwepo mpaka bambo, akuseka mwamanyazi, analowa.

"Odi kuno!" anatero amayi, mokweza ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo.

Mkatimo munamveka kamawu kosamveka bwino.

"Makutu angawa anakalamba, bambo. Mwati bwanji?"

"Lowani, mayi."

Apo mpamene anawerama n'kulowa. Nditafika pakhomo ndinawapeza atagwada pansi akuomba m'manja, akupereka moni kwa bambo amene anali pampando wanga uja, chipewa chili pabondo, msana uli chilili. Anapempha ngati angatenge mbewu yawo. Bambo anati angathe, ndipo anadzuka kukawathandiza kumasula ngala zija pamtanda, popeza amayi sakanafikira. Misozi italengeza m'maso mwanga, ine ndinanamizira utsi wa kukhitchini, ngakhale moto unali utazima kalekale.

Madzulo tikudya, bambo sanalankhule zambiri. Anangonena kawiri konse, ngati akudziuza okha, kuti mwini nyumba anadikira panja. Tsiku lonyamuka ndinawapatsa kiyi wachiwiri uja kuti akadzabweranso asadzadikire ine pakhonde. Anamumanga pachingwe n'kumuika m'thumba la mkati la jekete. Kuesiteti kumene ankabwerera kunalibe chitseko choti kiyiyo akatsegule, ndipo ku Malomo sanabwerenso, chifukwa chifuwa chinawatenga chaka chotsatira. Pokonza zovala zawo, mayi anga anamupeza m'thumba lomwelo. Ndinawapempha kuti amusiye mmenemo, ndipo jekete imeneyo ndi imene tinawaveka powaika m'manda.

Patapita zaka zitatu anandisamutsira ku Kasakula. Tsiku lochoka ndinasesa nyumba yonse, mpaka pansi pa mphasa, kuti amayi asapeze ponenera. Anapezabe, pakona ya kukhitchini. Kenaka ndinawapatsa kiyi mmodzi, n'kuyamba kufotokoza za winayo. Anandidula mawu. Anati akudziwa amene ali naye, ndipo munthu ameneyo akhale nayebe, chifukwa iwo sanamutulutse m'nyumbamo.