Kochi wa pa simenti ya ku Misuku

Eluby Nakaonga ankathyola khofi m'munda mwake ku Misuku pamene wailesi ya pafoni yake inayamba kutchula makochi a basiketibolo opambana m'dziko muno. Sankayembekezera dzina lake. Ndani angakwere mapiri onsewa kudzaona mayi wophunzitsa atsikana pa simenti yong'aluka? Ankangofuna kumva za Faith Nasilungwe, mwana amene anamuphunzitsa yekha.

Woyamba pa onse anali Amos Chikopa, kochi wa timu ya ku Lilongwe imene Faith akusewera. Mtolankhani atamufunsa chinsinsi chake, bamboyo anaseka.

"Ine ndimaumba wosewera ndi manja angawa. Onani Faith. Anabwera kuchokera kumapiri asakudziwa n'komwe kagwiridwe ka mpira."

Eluby anaponya dengu pansi, khofi n'kumwazikira kumunsi kwa phiri. Sanamutole.

Iye basiketibolo anaiphunzira ku sekondale ku Mzuzu, ndipo ankaitha. Bambo ake atamwalira ali Folomu 3, anabwerera kumudzi, nakwatiwa ndi mwamuna amene pambuyo pake anapita ku Tunduma kukachita geni n'kukhaliratu komweko. Pafupi ndi sukulu ya pulayimale panali simenti ya nyumba yakale yosungiramo katundu imene denga ndi makoma zinagwa kalekale. Eluby anaisesa, nakawotcheretsa mphete ziwiri zachitsulo pa Boma, n'kuzikhoma pa milongoti ya bulugamu. Amayi a kutchalitchi ankamunena kuti akuzoloweza ana aakazi makabudula. Iye ankawayankha pamaso, mwaukali, moti ena anasiya kumupatsa moni.

Faith anabwera pa simentipo ali Sitandade 5, wowonda ngati bango, woopa mpira. Eluby ankamumanga dzanja lamanja ndi chitenje kuti lamanzere lizolowere. Atathyoka bondo, anamubereka mpaka kumsewu. Amalume ake atafuna kumukwatitsa kwa mwini golosale wa ku Kapoka, Eluby anakaima pakhomo pawo n'kukalipa mpaka mudzi wonse unasonkhana, ukwatiwo n'kuthera pomwepo.

Ndiye lero akuti mwanayo sankadziwa kugwira mpira?

Madzulo anamuimbira foni. Faith anavomera kuti anali pomwepo pamene mawuwo ankanenedwa, koma akanatsutsa akanamukhazika pabenchi chaka chonse.

"Ndiye unangoti duu?"

"Amayi, inu mukudziwa zoona zake."

"Ine ndikudziwa. Dziko ndi limene silikudziwa," anatero Eluby, n'kudula foni.

Mvula itayamba, Amos Chikopa anatulukira yekha pa njinga yamoto ya kabaza, matope mpaka m'maondo. Anali atamva za Vitumbiko, mtsikana wamtali wa Folomu 2 amene Eluby ankamuphunzitsa, ndipo anali atamupezera malo pa sukulu yogonera ya ku Lilongwe yokhala ndi bwalo labwino. Anapereka moni wa "Mwaghona" amene wakabaza anamuphunzitsa panjira, kenako n'kumuthokoza Eluby chifukwa chosangalatsa ana ndi timasewera.

Eluby anaitana atsikana onse kuti aime pamzere. Anamuuza mlendoyo kuti abwereze pamaso pawo zimene ananena pawailesi. Amos anamwetulira, nati zapawailesi ndi zongokometsera nkhani, munthu asazitengere pamtima.

"Mwayesa mwakometsa ndi thukuta langa? Bwererani pawailesipo mukanene kumene Faith anaphunzira. Mukatero mudzamuone Vitumbiko."

Eluby anatola mipira yonse itatu, nakaitsekera m'nyumba. Amos anadikira kanthawi, nasiya nambala yake kwa aphunzitsi aakulu, n'kukwera njinga yake.

Amene anabwera m'mawa mwake anali Bessie, mayi wa Vitumbiko, mnzake wa Eluby kuyambira ubwana. Sanalandire mpando.

"A Nakaonga, dzina lanu litseke njira ya mwana wanga? Akhale pano azithyola khofi ngati ife chifukwa wailesi sinakutchuleni?"

Anakangana mpaka mawu kusasa. Eluby ananena kuti munthu uja ndi wakuba, amakolola m'munda wa eni ake. Bessie sanakane, koma anati wakubayo ali ndi sukulu ndi bwalo, pamene Eluby ali ndi milongoti yodyedwa ndi chiswe. Mawu amenewo ndiwo anamupweteka Eluby koposa a pawailesi.

Sabata yonse mipira inakhala m'nyumba. Atsikana ankabwera, n'kukhala m'mphepete mwa simenti, n'kubwerera. Vitumbiko yekha sankabwera.

Eluby sanapepese kwa aliyense. Anangopita kwa aphunzitsi aakulu, natenga nambala ija, n'kuuza Bessie kuti aimbe yekha, iye pakamwa pake sipangatuluke dzina la munthuyo. Tsiku la ulendo anaperekeza Vitumbiko mpaka pa Boma. Njira yonse ankamudzudzula kuti chigongono chake chimathawira kunja akamaponya, komanso amayang'ana pansi akamathamanga ndi mpira. Basi itanyamuka sanakweze dzanja.

Amos sanabwerere pawailesi kukakonza mawu ake. Faith anabwera pa Khirisimasi atanyamula mipira iwiri yatsopano ndi nsapato. Eluby analandira mipira, nsapato n'kumubwezera. Anamupatsa gulu la ana a Sitandade 4 kuti aliphunzitse masiku onse a tchuthi, ndipo iye anakhala pa chitsa n'kumamukalipira Faith pamaso pa anawo nthawi iliyonse imene waphonya kanthu. Faith ankangoyankha kuti "Yewo, amayi."

Mu Januwale mlongoti umodzi unagwa ndi mphepo. Eluby anapita yekha kukadula wina, ndipo anakana amuna awiri amene anafuna kumuthandiza kunyamula.