Ng'ombe yanga yapita tikuyang'ana kumwamba

Lachiwiri lapitali ndinadzuka m'mamawa n'kupeza mipiringidzo ya khola ili pansi. Benoni anali momwemo, akubzikula mwamtendere. Velekomu kunalibe.

Musadabwe ndi mainawa, awerengi, ndi a ng'ombe. Malemu amuna anga anagwirako ntchito m'migodi ku Joni ali mnyamata, ndipo ng'ombe iliyonse ankaipatsa dzina la tauni ya kumeneko. Atamwalira chaka chatha anandisiyira ziwirizi ndi ngolo. Ndi zimene zimandinyamulira kachewere kupita naye kumsika wa Lizulu. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo.

Kwathu kuno ng'ombe ikabedwa sitikhalira kufunsana. Mwini amakuwa, amuna amatenga zibonga n'kulondola mapazi mame asanaume. Changu chimafunika chifukwa malire ali pakhomo: msewu wa tala womwewu, tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Ng'ombe ikangodumpha tala, yasanduka nzika ya dziko lina popanda pasipoti.

Ndinakuwa, amuna anabwera. Mapazi ankaoneka bwinobwino, olowera kudambo. Akuti aziyambapo, anatulukira alamu anga aNgozo, mng'ono wa malemu, atanyamula foni yaikulu ngati mbale, yowatumizira mwana wawo wa kunja.

"Taimani, madoda!" anatero. "Zonunkhiza pansi ngati agalu n'zachikale. Kumwambaku kuli setilaiti, makina ojambula dziko lonse. Mbavayo tiiona pompano, ndi mtundu wa malaya ake womwe."

Amuna anatula zibonga. Netiweki inavuta, aNgozo anakwera pachulu, gulu lonse pambuyo. Foni inazungulira, inazungulira, dzuwa nalo likukwera.

Kenaka chithunzi chinabwera. Mudzi wathu unaoneka ngati nyemba zomwazika pamphasa. ANgozo anakoka ndi zala mpaka anafika panyumba panga. Khola ilo, m'kati mwake timadontho tiwiri.

"Alamu, mwatidzutsiranji?" anatero. "Ng'ombe zanu zonse zili m'khola!"

Ndipo amuna akuluakulu, a ndevu zawo, anathamanga kukasuzumira m'khola lomwe anali atangochokamo. Benoni anawayang'ana, n'kupitiriza kubzikula.

"Ndiye kuti n'zamatsenga," anatero wina. "Ilimo, koma atiphimba m'maso."

Ndinapempha foniyo. Maso anga ndi otopa, koma pakhomo panga ndimapadziwa. Denga linali laudzu, chonsecho malata tinakhoma malemu asanayambe n'kudwala komwe. Mtengo wa pichesi umene tinadula kuti ukhale nkhuni pamaliro awo unali chilili. Pansi pake panali kadontho kena kakuda.

"Alamu," ndinatero, "chithunzichi n'chakale. Si achimwene anu awo?"

ANgozo anavula chipewa. Mwina chinali chitsa, mwina mbuzi. Ine ndikuti anali iwo, chifukwa kadonthoko kanali pamthunzi nthawi imene anthu ali kumunda.

Pomwe amuna amatolanso zibonga, ng'ombe za m'mudzi zinali zitatsikira kale kudambo n'kupondaponda mapazi onse. Anakafika patala masana. Mayi wina wogulitsa kabichi anawauza kuti ng'ombe yofiira yothyoka nyanga inawoloka ana akupita kusukulu, nthawi yomweyo ife tili pachulu. Anali Velekomu wanga ndithu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Tsiku lomwelo, ndikusenda kachewere, ndinamva bwana wina pawailesi akunena kuti nafenso tisatsalire pa ntchito za mlengalenga. Akuti masetilaiti adzatukula chuma, ana athu adzapeza ntchito, ndipo malire a dziko adzakhala otetezeka. Ndinaseka ndekha mpaka nkhuku zinadabwa.

Ndisaname, sindikutsutsa. Akatichenjeza pawailesi kuti kukubwera mvula yamkuntho, ndimva kuti ndi makina omwewo amaiona isanafike, ndipo taona anthu akupulumuka. Ndipo ukatswiri wouluka tili nawo kale. Si ife amene timanena kuti uje ndi uje amapita ku Joni palichero n'kubwerako tambala asanalire? Bwanji osayamba talemba ntchito amenewo? Mafuta safuna.

Koma diso limene tinagwiritsa ntchito Lachiwiri n'lobwereka. Mwini wake anatiyang'ana kamodzi, zaka zapitazo, n'kutembenukira kwina kumene kuli phindu lake. Kwa iye amuna anga akadali moyo, ndipo ine ndikadali wa nyumba yaudzu. Ngati tikufuna lathu chifukwa cha zimenezi, pamenepo ndikumva. Fodya wako ndi wa pamphuno.

Funso langa n'lakuti, diso lathulo lidzayang'ana ndani? Zinthu zogulidwa m'dzina la tonse ndaziona zambiri, ndipo zimakonda kuima pakhomo pa anthu ochepa. Akati chitetezo cha dziko, amanena nyumba za mipanda ku Lilongwe. Ine chitetezo changa chinali ndi miyendo inayi. Akati chuma cha dziko, amanena manambala amene sindinawaonepo. Ine chuma changa chili m'nthaka kuseri kwa nyumbaku, chikudikira ngolo.

Komanso tinene kuti laona. Diso lilibe miyendo, awerengi. Munthu ayenera kudzukabe n'kuthamanga. Ife tili ndi matenda akuti chatsopano chikangofika, timataya ndi chakale chomwe chimagwira ntchito, tisanafunse n'komwe kuti chatsopanocho chimatha chiyani. Mapazi anali pansi, oonekera, aulere. Tonse tinakweza maso.

Loweruka kachewere ndinapita naye pakabaza, matumba awiri okha, wotsalayo akuyamba kumera. Madzulo ake aNgozo anafika pakhomo atanyamula kajumbo, foni ataisiya kunyumba.

"Alamu, pepani ndi zija," anatero. "Landirani kandiwo. Tsidya lija nyama yatsika mtengo lero."

Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kajumbo, ndipo ndinaona kuti nzeru zawafikira pomwepo. Anafuna kubwerera nako. Ndinawalanda. Ndinaphika nthawi yaitali, nkhuni zambiri, koma nyamayo inakana kufewa. Inali ya ng'ombe yogwira ntchito.

Ndinadya. Mukanakhala inu mukanataya?