Kapu Yachiwiri ya Amayi

Amayi anali ndi chithokomiro. Chinayamba titasamukira ku Nkhata Bay, kumene bambo anatumizidwa kukagwira ntchito ya ukalaliki paboma. Azimayi a kumsika ankawaseka kuti kondowole wawakana. Amayi ankaseka nawo, koma sankatuluka m'nyumba osakulunga mpango m'khosi, kunja kutenthe bwanji.

Chaka china kuchipatala kunabwera madokotala ochokera kunja ndi makina awo. Anaitana onse otupa pakhosi, ndipo anabwereka bambo kuofesi kwawo kuti azimasulira. Ine, mwana wawo wamkazi woyamba, ndinawaperekeza amayi. Madokotalawo anawapatsa timadzi m'kapu, akuti muli ayodini wotulutsa cheza chosaoneka. Mawa lake anawalozetsa chitsulo pakhosi, makina n'kumalira tetete, dokotala akugwedeza mutu. Basi, zinathera pomwepo, alendo aja n'kupita.

Madziwo sanali mankhwala. Anali ongoyezera kuti chithokomirocho chikukoka ayodini wochuluka bwanji. Ine sindinkadziwa. Bambo ankadziwa, koma ataona mmene nkhope ya amayi inawalira, anawasiya aziganiza kuti ndi mankhwala. Nanga masiku amenewo ndani akanawapanikiza ndi mafunso anthu obwera pagalimoto ya boma? Unkangowomba m'manja n'kumapita. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Amayi anavula mpango uja, n'kumauza anzawo kuti kwangotsala kapu yachiwiri yomalizitsa. Chotupa chinkangokula. Anayamba kubanika, kumeza kunali nkhondo, ndipo usipa umene ankaukonda unkawalasa pakhosi.

Mwezi ukatha ankati, "Abambo, takafunsani, kodi madokotala aja abwera liti?"

Bambo ankavala jekete, kutuluka, n'kudzabwera dzuwa litapendeka. "Akuti mwezi wamawa."

Ndinadzamva patapita zaka kuti kuchipatala sankafikako. Ankakangokhala padoko, kumayang'ana anthu akutsitsa katundu musitima.

Sabata imene amayi anamwalira, ndikuwasambitsa, anandigwira dzanja. Mawu anali atasasa, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Namwino anandiuza kalekale kuti madzi aja anali ongoyezera," anatero. "Koma usawauze abambo ako. Ndikasiya kuwatuma, azingokhala pano n'kumandiyang'ana ndikutha. Sangapirire."

Ndinalira, iwo akundipukuta misozi ndi dzanja lonyowa. Sindinawauze bambo. Mawa lake amayi anawatumanso, ndipo bambo anavala jekete.