Ambulera Yosadziwa Mvula

Ndinanyamuka pakhomo panga ku Area 23 Loweruka dzuwa lili paliwombo, nditavala suti yanga yabuluu, chikwama chakuda kumsana, chithumba chachitali ngati mtolo wa nzimbe paphewa. Ine Filimoni Kadammanja, bambo wake wa mkwatibwi! Anzanga onse anali atapita kale pa magalimoto omanga maluwa, ine n'kumathamangira minibasi ngati wopita ku ganyu.

Zinayamba chonchi. Ukwati wa mwana wanga Tiyanjane tinadalitsa m'mawa kutchalitchi kwathu konkuno ku 23. Madyerero anali masana ku holo ina ku Area 25, kufupi ndi makolo a mwamuna, a Gondwe, anthu a kumpoto. Potuluka m'tchalitchi nsapato zatsopano zinali zitandidya zidendene, ndiye ndinati ndidzere kunyumba ndikasinthe. Wojambula zithunzi, mayi wamfupi koma wa mawu ngati sajeni, dzina lake NyaMhango, anandigwira mkono.

"Adada, poti mukudzera kunyumba, munditengereko chikwama cha fulashi ndi thumba la sitandi yoimikapo fulashiyo. Ndinaziiwala kuseri kwa chitseko pomujambula mkwatibwi m'mawa uja. Galimoto ibwera kudzakutengani."

Galimoto imeneyo mpaka lero sinafike.

Mwina mukuti bwanji osangozisiya n'kumapita manja lendee. Tamverani. Ndinali nditakwatitsa kale ana aakazi awiri, koma m'nyumba mwanga munalibe chithunzi choti ndingaloze mlendo n'kunena kuti uyu ndine, uyu mwana wanga. Pa ukwati woyamba wojambula anatiwombera fulashi kumaso chindunji, ili pamwamba pa kamera. Tinatuluka mphumi zili ngwee ngati tadzola mafuta ophikira, magalasi anga ngati maso a lole, kumbuyo kwanga chimthunzi chakuda pakhoma. Pa wachiwiri velo inaoneka bwino, ife nkhope bii, mano okha mbee. Tiyanjane ndi mzime, kulibe wina. Ndinalumbira kuti ulendo uno ndipachika pabalaza chithunzi changa ndi mwana wanga, nkhope zooneka. NyaMhango anandiuza kuti mankhwala ake n'kuchotsa fulashi pakamera, n'kuiimika pambali payokha. Tsono fulashiyo ndi imene inali kumsana kwangayo.

Pasiteji kondakitala anayang'ana chithumba chija kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Madala, inuyo wani faifi. Icho faifi handiredi."

"Chilipire chili ndi matako? Chikhala pampando?"

"Chikhala pamiyendo ya anthu, madala."

Ndinalipira. Ndinalibe nthawi yomuphunzitsa ulemu. Chithumbacho chinagona kuyambira kumpando wakumbuyo mpaka kukagunda khutu la dalaivala, aliyense wokwera n'kumachilumpha akung'ung'udza. Pa Kawale anakwera mayi wina ndi beseni la usipa, anachisisita n'kufunsa motsitsa mawu ngati ili mfuti.

"Mayi, ndi nyale ya ukwati iyi," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Ndikukwatitsa mwana lero."

"Bambo wa mkwatibwi pa minibasi? Akutayani bwanji?"

Pa Mchesi tinaima pamdipiti wa magalimoto, ndiye ndinati nditsegule chikwama ndione ngati zinthu za eni zili bwino. Ndinatulutsa fulashi ija, kabokosi kakuda ngati njerwa yatheka, kodzaza mabatani. Chala changa chinangokhudza limodzi. Ng'anii! M'galimoto monse mbee. Agogo ena anakuwa kuti mphenzi, dalaivala n'kuponda buleki poyesa kuti apolisi a pamsewu amujambula, usipa wina pansi mbwee. Anthu onse kukalipira ine, ngati ndinaipanga ndine.

Kudepoti ndinafika cha m'ma wani koloko. Chidyereni m'mawa ndinali ndisanaike kanthu kukamwa, ndiye ndinagula mandasi awiri ndi nthochi, kudya chiimire, mwana wanga ataphikitsa mpunga ndi nkhuku za anthu mazana. Kafoni kanalira. NyaMhango.

"Adada, muli pati? Kuno magetsi azima, mitambo yada, mu holo muli ngati kuphanga. Popanda fulashi imeneyo sindijambula munthu."

"Ndikubwera, mayi! Ndilibe mapiko!"

Oitanira anandizinga. "Twente faifi, Nsungwi! Watsala mmodzi, bigi!" Ndinakwera yooneka yodzaza, thu sauzande. Nditangokhala, anyamata anayi anatsika. Anali ongodzaza mipando kuti atinyenge. Tinadikira mpaka thukuta linadutsa jekete. Potsiriza kondakitala anakoka chitseko mwamphamvu, mapeto a chithumba chija ali panja. Ndinamva kuti phwa. Ndinamuuza kuti waswa katundu wa mtengo woposa minibasi yakeyo. Iye anati, "Sore madala," n'kumaitanira wina.

Tinagwira msewu wa M1, kudutsa pa 18, kumwamba kukuderaderabe. Titayandikira ku Kanengo injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Mafuta atha. Kondakitala anatulutsa chigubu pansi pa mpando n'kuyamba ulendo wapansi, osathamanga n'komwe. Ine ku Kanengo ndinasenza mabelo a fodya mpaka tsitsi kuyera, njira zonse za kumeneko ndimazidziwa. Ndinatsika, n'kuimitsa wa kabaza wa njinga yamoto, ndinati tidulire cha ku Mgona.

Tisanapite patali mvula inayamba, madontho akuluakulu ngati nthudza. Suti yanga, anthuni! Ndinapisa dzanja m'chithumba chija kufuna pepala la pulasitiki, n'kukhudza ambulera. Yoyera, yatsopano, yaikulu bwino. Ndinati Mulungu sataya wake. Chinandidabwitsa n'chakuti inalibe chogwirira chopindika chija, kachitsulo chabe kowonda, koma ndinati ndi mafashoni a masiku ano. Ndinaitambasula.

Abale, madzi ankangodutsa ngati ndafunda sefa. Kenako mphepo inalowa pansi pake.

"Madala, tsekani chimenecho, tiuluka!" anakuwa wa kabaza.

Ndisanayankhe, ambulera inatembenuka n'kuloza kumwamba ngati duwa, nthiti zake kuthyoka, nsalu kung'ambika. Lole ina inamaliza ntchito potithira matope ofiira. Ana a ku Mgona amene anabisala m'makonde anatiimbira m'manja.

Ku holo ndinafika cha m'ma fili koloko, madzi akuchucha m'makutu. NyaMhango anandithamangira, osafunsa n'komwe kuti mwayenda bwanji. Anatsegula chikwama, fulashi inali youma, anapuma. Atatulutsa sitandi anapeza mwendo umodzi wapindika, yosaimanso. Ataona ambulera anagwira pamutu.

"Adada! Mwaitani?"

"Ndafunda. Kunja kukugwa mvula, simukuona?"

"Imeneyi si ya mvula! Fulashi imawombera m'kati mwakemu, kuwala n'kudutsa pansaluyi, kukafika pankhope kutafewa. Popanda iyi kuwala kumamenya ngati mbama."

"Ndiye muzilemba pamenepo kuti ambulera ino mvula siidziwa! Ndakalamba chonchi sindinaonepo ambulera yoopa madzi."

NyaMhango anayang'ana kudenga: malata okhaokha, kutali. Anayang'ana makoma: penti yobiriwira. Anati akanakhala oyera akanawombera fulashi kukhoma kuti kuwala kubwerere kwa anthu, koma awa, tonse tituluka obiriwira ngati mphonda. Kenako anapita kutebulo la akwati, anasuntha keke, n'kusolola nsalu yoyera ya patebulo. Anaitana amayi awiri a mvano kuti aigwire uku ndi uku, itambasuke ngati yoyanika. Fulashi anaimangirira kunsonga kwa ndodo ya sitandi ija.

"Tsopano pakufunika munthu woigwira kuseri kwa nsaluyi."

Anyamata angapo anatambasula manja. Ndinawakankha. Chinthu ndavutika nacho kuchokera ku 23, chikagwiridwe ndi ana oti maso ali pa atsikana operekeza? Ndinagwira ndine.

Ntchito imeneyi musaiderere. Suima kutsogolo kwa ojambulidwa, suimanso pambali penipeni, koma pakati pa ziwirizo, chapangodya. Fulashi ikhale pamwamba kuposa mitu, yoweramira pansi pang'ono, ngati dzuwa la m'ma naini koloko. Ilibe chingwe. Pakamera pali kabokosi kena kamene kamaiuza, mayiyo akadina uko, kuno kwa ine ng'anii.

"Kwezani, adada! Sunthirani kuno! Yandikirani ndi nsalu yomwe, mukatalikira kuwala kumauma! Osaloza diresi, lozani nkhope, diresi ndi loyera kale!"

Ine wolamulidwa ndi mayi wondifika m'chifuwa, pa ukwati wa mwana wanga. Ndinafuna kuponya ndodoyo pansi. Koma anabwera kudzandionetsa kumbuyo kwa kamera. Tiyanjane anali Tiyanjane weniweni. Khungu lake lakuda lija likuoneka bwinobwino, tsaya limodzi lowala, linalo kamthunzi pang'ono, maluwa a pa velo onse owerengeka. Chimthunzi cha pakhoma kulibe, chagwera pansi kumbali.

"Ndagwira bwino ine pamenepa," ndinatero.

"Mwagwira bwino. Bwererani pamalo."

Anayamba kubwera magulu. Akwati ndi operekeza. Akwati ndi ankhoswe. Akwati ndi a ku Rumphi, amene sakutha, wina akachoka kubwera atatu. Akwati ndi a kwathu ku Ntcheu, a kwaya, a kuntchito. Amayi ogwira nsalu anasinthana kangapo, ine ayi. Mapewa anayaka moto. Pena NyaMhango anandiuza kuti ndinjute kumbuyo kwa akwati, ndiloze fulashi ku velo kuti iwale m'mbali, ine ndisaoneke. Bambo wa mkwatibwi kunjuta kuseri kwa diresi ngati wakuba nkhuku! Chithunzicho chinakongola, sindikana, koma mawondo anga akudziwa.

Kenako jenereta inalira panja, zimbale zinayamba, woyendetsa mwambo n'kulengeza kuti akwati akonzeke kulowa, perekaniperekani ayambe. NyaMhango anayamba kupinda nsalu.

"Basi adada, mwathandiza. Mabatire a fulashi atha, mwina mwatsala kuwombera kumodzi."

Apo m'pamene mutu unandibwerera. Ndinali nditawalitsa mtundu wonse wa a Gondwe, ndi anthu ena oti sindikuwadziwa n'komwe, koma ine mwini sindinaime kutsogolo kwa kamera ngakhale kamodzi.

"Nanga ine?" Ndinakuwa mpaka wa zimbale anatsitsa nyimbo. "Palibe alowe pano! Tiyanjane, bwera kuno! Tambasulani nsaluyo!"

Mwana wanga anabwera akukoka diresi. Anandipukuta matope pakolala ndi kampango kake, n'kundigwira mkono. Tsono wogwira fulashi ndani? Asewere anga a Gondwe, bambo wa mkwati, munthu wamtali, wofatsa, mkulu wa mpingo, anati, "Bweretsani, asewere, ndikugwirireni." Ndinawapatsa. Ndinaima chilili, chifuwa patsogolo, pakamwa potseka, monga ndinakhala ndikuyeserera pagalasi sabata yonse.

Koma diso langa linapita kumbali. A Gondwe anagwira ndodo ija ngati akuthirira ndiwo kudimba, fulashi ili pa mchombo, yoloza m'mwamba. Kuwala kochokera pansi kumasandutsa munthu chipukupuku, NyaMhango anali atanena. Iye diso linali pakamera, akuwerenga, "Wani, thu..."

"Kwezani, asewere! Pamwamba pa mutu! Kwezani!"

A Gondwe anadzidzimuka n'kukweza. Ng'anii!

"Bwerezani," ndinatero. "Ndinali ndikuyankhula."

NyaMhango anadina. Fulashi zii. Anadinanso. Zii. Anabwera ndi kamera, milomo ataluma kuti asaseke. Ndinayang'ana. Kuwala kunagwa bwino zedi, a Gondwe anakweza pa nthawi yake. Nkhope yanga yonse ikuoneka, makwinya, imvi, magalasi oyera bwino maso akuonekera. Koma kukamwa kuli yasaa, chala chikuloza kumbali, mtsempha wa pakhosi uli tololo. Pambali panga Tiyanjane watsamira paphewa langa, akuseka mpaka maso atsinzina.

"Ichi ayi," ndinatero. "Mufufute."

Tiyanjane anatenga kamera m'manja mwa NyaMhango, anayang'ana nthawi yaitali. Kuseka kunatha, anayamba kupukuta m'maso mosamala kuti asawononge zodzola.

"Musafufute, anti. Ababa, mukanatseka pakamwa ndikanati ndi bambo a eni. Awa ndiye ababa anga. Ndikachipachika kwanga."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinangomuuza kuti alowe, anthu akudikira.

Pobwerera madzulo ndinakwera galimoto ya a Gondwe, mpando wakutsogolo, mpaka pakhomo. Chithunzi chinabwera patapita masabata, ziwiri zofanana, china cha Tiyanjane china changa. Chili pabalaza pamwamba pa wailesi. Mlendo aliyense akalowa amafunsa kuti pamenepa mumakalipira ndani, ndipo ndimamuuza kuti ndimaphunzitsa asewere anga ntchito. Inu amene mukukwatitsa chaka chino, fulashi ichoke pakamera, iime pambali, pamwamba, idutse pansalu yoyera. Koma jambulitsani inu choyamba mabatire adakali ndi moto, chifukwa wogwira nyale palibe amamukumbukira.